Zitsulo Ziwiri Pamoto Umodzi

Phunziro lathu la lero liyambira pa cipala ca wosula zitsulo, ndipo lidzatifikitsa ku mafakitale aakulu a m'maiko akutali. Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: munthu akatenga zitsulo ziwiri zosiyana, cina cofewa, cina couma, naziphatikiza kuti zikhale cimodzi, kenaka nazitenthetsa ndi kuyamba kuzimenya, kodi cimacitika nciani pamalo pamene zitsulozo zakumanirana? Malo amenewo tidzawacha msoko, monga momwe telala amachulira pamene nsalu ziwiri zakumana. Sungani liu limeneli, pakuti tidzalichula kawiri-kawiri.

Poyamba tifunse cifukwa cimene munthu angadzibvutire kulumikiza zitsulo ziwiri. Ambiri a inu munaonapo mpeni wosula ndi lata kapena ndi cidutswa ca mgolo. Mpeni wotere suthyoka. Ukagwa pamwala umangopindika, ndipo mwini wake amauongola ndi nyundo. Koma mukasendera cinangwa tsiku limodzi lokha, wabuntha kale. Tsono ganizirani tupa, cida cokhakhala cija cimene atate anu amanolera makasu. Tupa ndi wouma kwambiri kotero kuti amadya zitsulo zinzake, koma mukammenya mwamphamvu ndi nyundo amathyoka pakati ngati botolo. Nkhwangwa yabwino ifuna makhalidwe onse awiri. Mbali yake yakuthwa ikhale youma kuti isabunthe msanga, koma thupi lake likhale lopirira kuti lisathyoke pogunda mtengo wa muwanga.

Cimene cimasiyanitsa lata ndi tupa ndi kaboni, cinthu cakuda comweco cimene cili m'makala ndi m'mwaye. Pa makilogalamu 100 a citsulo cofewa, monga ca misomali ndi malata, kaboni sapitirira magalamu 250. Sipuling'i ya galimoto, imene osula athu a m'midzi ndi m'misika amakonda kusulira nkhwangwa, ili ndi magalamu pafupi-fupi 600. Tupa ali ndi kilogalamu 1 kapena kupitirirapo pang'ono. Kusiyana kumeneku kumaoneka kocepa, koma zotsatira zake ndi zazikulu. Tenthetsani msomali mpaka kufiira, muubviike m'madzi: udzatuluka uli wotheka kupinda monga kale. Mukacita cimodzi-modzi ndi sipuling'i, imatuluka itauma gwa, yokhoza kukanda galasi.

Masiku ano citsulo ca kaboni wambiri cimapezeka paliponse pamene pafera galimoto. Kale sizinali tero iai. Henry Bessemer wa ku England asanatulukire njira yake yopangira citsulo cambiri nthawi imodzi m'caka ca 1856, citsulo couma cinali ca mtengo wapatali. Cotero wosula wa ku Ulaya popanga nkhwangwa ankatenga citsulo cofewa cacitali, nacipinda pakati kuti pakhale ciboo ca mpini, ndipo kukamwa kumene nsonga ziwiri zakumana ankalowetsako kacidutswa kakang'ono ka citsulo couma. Kacidutswako kakatha ndi kunola, mwini nkhwangwa ankabwerera nayo kwa wosula kuti aikemo kena. Ku Japan luso limeneli likalipo. M'matauni a Miki ndi Sanjo muli osula amene amapanga mipeni ya zopalira matabwa ndi zogobera matabwa mwa kumata citsulo couma copyapyala pa citsulo cofewa cocindikala. Ena a iwo amafuna-funa maunyolo akale a nangula ndi zitsulo za milatho yakale, cifukwa citsulo cofewa ca masiku amenewo cimanoleka bwino. Kalipentala ponola mpeni wotere satopa, pakuti cambiri cimene mwala ukudya ndi citsulo cofewa, ndipo couma cija ndi kamzere cabe kunsonga.

Nanga zitsulo ziwirizi zimagwirana bwanji, popeza palibe ulimbo, palibenso msomali? Ena amaganiza kuti wosula amazisungunula. Si tero. Citsulo copanda kaboni cimasungunuka pa madigiri 1,538, ndipo wosula safika kumeneko. Cinsinsi cake cili m'tinthu tating'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso timene timapanga citsulo, tochedwa maatomu. Maatomu a citsulo cimodzi akayandikana kweni-kweni ndi a citsulo cinzake, popanda kanthu kochinga pakati, amakokana ndi kugwirana monga momwe amagwirirana ndi anzao a m'citsulo cao. Moto umafewetsa zitsulo kuti zithe kukhudzana paliponse, ndipo nyundo ndiyo imaziyandikizitsa. Mumadziwa za nsima. Mitanda iwiri yotentha mukaikanikiza pamodzi imasanduka mtanda umodzi, koma ikapola ndi kucita khungu pamwamba, ngakhale muikanikize bwanji imalekanabe.

Citsulo cotentha naco cimacita khungu, ndipo ameneyu ndiye mdani woyamba wa msoko. Mpweya ukakhudza citsulo cofiira umapanga mamba akuda, amene ndi mbale wake wa dzimbiri. Mukapita kwa wosula muyang'ane pansi pozungulira pamene amasulira, mudzaona timamba timeneti titamwazika ngati mamba a nsomba. Mamba akatsalira pakati pa zitsulo ziwiri, pamalo amenewo sipagwirana, ngakhale kunja kukuoneka bwino. Nkhwangwa yotere ingagwire nchito mwezi wathunthu, ndipo tsiku lina podula mtengo imangoyasamula, kacidutswa kouma kaja nkuuluka, mwina kulasa mwendo wa mwini wake. Pofuna kupewa zimenezi osula akale a ku Ulaya ankawaza mcenga woyera pa citsulo cotentha. Ambiri masiku ano amawaza ufa woyera wochedwa borakisi. Mcenga kapena borakisi umasungunuka, nusungunulanso mamba aja kukhala madzi-madzi, nuchinga mpweya kuti usafike pa citsulo. Nyundo ikagunda, madzi-madziwo amathawira kunja ali mbaliwali, ndipo zitsulo zoyera zimakumana.

Bvuto laciwiri ndi la muyeso wa moto, cifukwa zitsulo ziwirizi sizikonda kutentha kofanana. Citsulo cofewa ca makedzana cimalumikizika bwino cikatentha mpaka kuyera, pa madigiri 1,300 kapena kupitirira. Koma citsulo ca kaboni wambiri cimayamba kusungunuka pa kutentha kocepera kuposa cinzake, ndipo cikafika pafupi ndi pamenepo cimapsa. Mudzaciona cikuthetheka pamoto, ndipo cikamenyedwa cimanyenyeka ngati cikondamoyo couma. Citsulo copsa sicikonzekanso. Cotero wosula amafuna kutentha kwapakati, pamene zitsulo zili zacikasu cowala, ndipo nthawi zina amaika cofewa cija pakati peni-peni pa makala, couma naciika cakumbali. Alibe cida coyesera kutentha, amangowerenga mtundu wa citsulo, ndipo ndico cifukwa cake cipala cabwino cimakhala ca mthunzi. Padzuwa citsulo cimaoneka cozizirirapo kuposa momwe ciliri, ndipo wosula anganyengedwe nacipsereza.

Zitsulo zikacoka pamoto, wosula ali ndi kanthawi kocepa kwambiri. Wodziwa nchito sayamba ndi mphamvu zake zonse. Amayamba ndi kumenya mopepuka ndiponso mofulumira, kuyambira pakati kunka m'mbali, kuti borakisi ndi mamba apeze njira yothawira. Akayambira m'mbali amatsekera zonyansazo m'kati. Akayamba ndi mphamvu, citsulo capamwamba cimaterereka pa borakisi wosungunuka uja nicicoka pamalo pake. Zikagwirana pang'ono amazibwezera pamoto, ndipo ulendo waciwiri ndi wacitatu ndi pamene amamenya zolimba. Kumenya kumeneku kumatambasula msoko, cotero timamba totsalira timang'ambika, ndipo citsulo coyera cimatulukira m'ming'alu nicikumana ndi cinzake. Palinso cina cokondweretsa. Citsulo ciliconse cinapangidwa ndi tinjere tating'ono tothithikana, ndipo citsulo cotentha cikamenyedwa tinjere takale timaphwanyika, nipamera tatsopano. Tinjere tina tatsopano timamera modutsa msoko, theka lake mbali iyi, theka mbali inayo. Zikatero msoko wakhwima.

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu, ndipo ndikupemphani kuti muchere khutu. Zitsulo zagwirana, koma wosula sanamalize. Ayenera kuzitambasula kuti zikhale zazitali ndi zopyapyala monga mwa cida cimene afuna. Nyundo imodzi ikugwera zitsulo ziwiri, koma sizimvera mofanana. Cofewa cimafuna kutambasuka kwambiri, couma cimafuna kutambasuka pang'ono. Zikanakhala zosalumikiza, ciliconse cikanayenda ulendo wake. Koma popeza zalumikizidwa, ziyenera kutalika mofanana, zifune zisafune. Cofewa cimakoka couma kuti citalike, couma cimabweza cofewa kuti cisathamange, ndipo kukokana konseku kumacitikira pa msoko.

Aphunzitsi a kumidzi angafanizire ndi ng'ombe ziwiri za m'goli limodzi, ina yothamanga, ina yozengereza. Mwa zinthu zitatu cimodzi cimacitika. Mwina ngolo imakhotera mbali ya ng'ombe yozengereza, mwina goli limathyoka, mwina ng'ombe imodzi imabvulala. Ndi zitsulo zili cimodzi-modzi. Kawiri-kawiri cida cimapindika, cofewa cili kunja kwa uta cifukwa catalika koposa, couma cili m'kati. Ici sicoopsa, wosula amaciongola. Koma ngati msoko unali wosakhwima, umasomphoka kuyambira kunsonga kapena m'mbali. Ndipo ngati msoko uli wolimba koma citsulo couma cili copyapyala, cofewa cimacikoka mpaka ciyambe kuonda malo ena, kenaka nkuduka-duka m'kati, cofewa nkulowa m'mipatayo. Cida cotere kunja cimaoneka cosalala, koma ponola mumapeza kuti malo ena mbali yakuthwa ilibe citsulo couma.

Cimene cimathandiza wosula ndi cakuti kusiyana kwa zitsulo za kaboni kumacepa moto ukakula. Zikakhala zacikasu, couma ndi cofewa zimamvera nyundo pafupi-fupi mofanana. Zikamazizira kunka ku kufiira kodera, kusiyana kumakula, ndipo couma cimakhala pafupi kung'ambika. Ndiponso citsulo copyapyala cimene cili kunja cimazizira msanga kuposa cocindikala, maka-maka cikagona pa citsulo cozizira cosulirapo. Munthu woonerera angaganize kuti wosula amene amabwezera cida pamoto kawiri-kawiri ndi waulesi kapena woononga makala. Ine ndimamuona ngati wodziwa nchito yake, pakuti kumenya kuwiri kapena kutatu koonjezera pa citsulo cimene cayamba kuda ndiko kumatsegula msoko.

Aphunzitsi, zimenezi mungazionetse m'kalasi popanda moto. Pezani dongo la mitundu iwiri, lofiira ndi lotuwa. Lofiira mulikande ndi madzi ambiri kuti lifewe, lotuwa mulisiye lolimbirapo. Ana aumbe timatabwa tiwiri tofanana kukula, atisanjike, ndipo agudubuze botolo pamwamba pake. Adzaona dongo lofewa likutulukira m'mbali ndi kutsogolo, ndipo akanyamula adzapeza kuti lapindikira mbali ya lolimba. Acekenso ndi ulusi, ayeze ndi rula kuti aone kuti ndi liti laonda koposa. Kenaka abwerezenso, koma awaze phulusa louma pakati asanasanjike. Gulu lina liike dongo lolimba lopyapyala pakati pa zigawo ziwiri za lofewa, ligudubuze mpaka lipyapyale, liceke. Ana adzadzionera okha mzere wotuwa utaduka-duka.

Koma wosula sangathawire ku moto waukulu ndi kukhalitsako, cifukwa kumeneko kukumdikira bvuto lina. Maatomu a kaboni ndi aang'ono kwambiri kuposa a citsulo, ndipo citsulo cikatentha iwo amayenda m'mipata ya pakati pa maatomu a citsulo. Amacoka kumene ali ambiri kunka kumene ali ocepa, monga mcere umene mwapaka pa nsomba umalowerera pang'ono-pang'ono mpaka m'kati. Msoko ukagwirana bwino, kaboni amaoloka mosabvuta. Citsulo couma cimataya kaboni wake pafupi ndi msoko nicifewa, ndipo cofewa cimalandira niciumirapo. Kuoloka pang'ono ndi kwabwino, cifukwa kumacititsa kuti kuuma kusinthe mwapang'ono-pang'ono m'malo mosintha mwadzidzidzi. Kukacuruka, citsulo couma copyapyala cija cimatha mphamvu, ndipo mpeni sugwira makuthwa.

Ulendo wa kaboni uli ndi lamulo lake limene ana a Giredi 7 angalimvetse. Kuti ayende mtunda wowirikiza kawiri amafuna nthawi yowirikiza kanai, ndipo kuti ayende wowirikiza katatu amafuna nthawi yowirikiza kasanu ndi kanai. Pa madigiri 925 amatenga maola angapo kuti alowe milimita 1, koma moto ukakula amafulumira kwambiri. Kutembenuza lamulo lomweli, mtunda ukafupika kwambiri nthawi imacepa modabwitsa, ndipo osula malupanga a ku Japan amapindula nazo. Citsulo cao cochedwa tamahagane, cimene amayenga kucokera ku mcenga wacitsulo, cimatuluka m'ng'anjo cili ndi kaboni wosalingana, pena wambiri, pena wocepa. Tsono amacitambasula, nacipinda pakati, nacilumikiza, nabwerezanso. Kupinda kulikonse kumawirikiza zigawo kawiri: 2, 4, 8, 16. Akapinda ka 10 zigawo zimakwana 1,024, ndipo ka 15 zimakwana 32,768. Ngati cidutswa cili cocindikala mamilimita 20 ndipo cili ndi zigawo 1,024, cigawo cimodzi sicifika ngakhale pa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Kaboni amaoloka kamtunda kotere m'kanthawi kocepa, ndipo citsulo conse cimakhala colingana. Anthu ambiri amaganiza kuti lupanga lotere lili ndi zigawo zikwi-zikwi zouma ndi zofewa zosinthana, koma moto unafafaniza kale kusiyana kwa kaboni kumeneko. Akatha kupinda ndi pamene amakuta citsulo cofewa ndi couma, ndipo apa amasamala kuti zisakhalitse pamoto.

Cida cikatha kusulidwa cimatsala ndi kuumitsidwa. Wosula amacitenthetsa mpaka madigiri pafupi-fupi 800. Cizindikiro cimodzi cimene ena amagwiritsa nchito ndi maginito, pakuti citsulo cikapitirira madigiri 770 cimaleka kukokedwa ndi maginito. Akacibviika m'madzi, citsulo ca kaboni wambiri cimasintha kakhalidwe ka maatomu ake, niciuma, ndiponso cimafufuma pang'ono. Cofewa sicifufuma cotero. Cotero mpeni wa copalira matabwa umatuluka m'madzi utapindika, ndipo ulendo uno couma ndico cili kunja kwa uta. Mpeni wa citsulo couma cokha-cokha ukapindika ndi wobvuta kuuongola, pakuti ukamenyedwa umathyoka. Koma wa zigawo ziwiri wosula amaugogoda pang'ono-pang'ono ku mbali yofewa, mbaliyo nitambasuka, mpeni nuongoka.

Tsopano ticoke pa cipala, tipite ku fakitale. M'caka ca 1913, mu mzinda wa Sheffield ku England, Harry Brearley anapanga citsulo cosacita dzimbiri, conga ca masipuni owala aja. Cimene cimaciteteza ndi kromiyamu, amene ayenera kukhala magawo osacepera 10.5 pa 100. Mtundu wofala kwambiri uli ndi magawo 18 a kromiyamu ndi magawo 8 a nikelo. Citsulo cimeneci cimafunika kumene kuli madzi a mcere kapena mankhwala aukali. Ana amene ali ndi abale ku migodi ya ku Chingola anamvapo kuti kumeneko amacotsa mkuwa m'dothi la mgodi ndi asidi, ndipo asidi wotere amadya citsulo wamba msanga. Koma kromiyamu ndi nikelo ndi zodula. Cotero opanga matanki a m'mafakitale oyenga mafuta ndi a zombo zonyamula mankhwala amacita zomwe ankacita wosula nkhwangwa uja. Thupi la thanki limakhala la citsulo wamba cocindikala, cimene cimanyamula kulemera, ndipo m'kati amayalamo citsulo cosacita dzimbiri copyapyala, kawiri-kawiri magawo 10 mpaka 20 pa 100 a kucindikala konse.

Ku fakitale kulibe nyundo ya m'manja. Kuli magudumu awiri aakulu acitsulo ooneka ngati migolo yogoneka, lina pamwamba, lina pansi, ndipo citsulo cotentha madigiri pafupi-fupi 1,200 cimapyola pakati pake kangapo, ulendo uliwonse mpata utacepetsedwa. Mabvuto onse amene tawaona kwa wosula amapezekanso kuno, ndipo amakula. Khungu limene kromiyamu amapanga ndi mpweya, lomwe ndilo limateteza supuni yanu ku dzimbiri, ndi louma ndi lokakamira, ndipo limakana kulumikizika. Cifukwa ca ici amisiri amapala nkhope zonse ziwiri mpaka ziwale, nazisanjika, nawocherera m'mbali monse mozungulira, napopa mpweya wonse wotsalira pakati asanaike pamoto.

Citsulo cosacita dzimbiri cimakhalabe colimba kuposa citsulo wamba ngakhale pa kutentha kwakukulu. Cotero potuluka m'magudumu, citsulo wamba cimatalika koposa, ndipo cigoba conse cimapindikira mbali ya cosacita dzimbiri. Cigoba cotentha colemera matani ambiri cikatuluka citadzutsa mutu cingagunde makina ndi kuwaononga. Pozizira bvuto limaonjezeka. Ndodo ya citsulo wamba yotalika mita 1 ikatenthedwa ndi madigiri 100 imatalika ndi mamilimita 1.2, koma ya cosacita dzimbiri ca mtundu wofala uja imatalika ndi mamilimita 1.7. Cimene cinatalika koposa potentha cimafupikanso koposa pozizira, ndipo cimakoka cinzake. Njira imodzi imene amisiri anapeza ndi yocenjera ndithu. Amasanjika zigoba zinai: citsulo wamba pansi, zosacita dzimbiri ziwiri pakati, citsulo wamba cina pamwamba, ndipo pakati peni-peni amapakapo mankhwala oletsa kugwirana. Theka lapamwamba limafuna kupindikira pansi, lapansi limafuna kupindikira kumwamba, ndipo mtolo wonse umatuluka woongoka. Ukazizira amadula m'mbali, napeza zigoba ziwiri, ciliconse ca zigawo ziwiri. Gulu limene lamaliza msanga nchito ya dongo liyese zimenezi, liike pepala pakati.

Kaboni nayenso amabvutitsa kuno, ndipo mwa njira yacilendo. Kromiyamu amakonda kaboni kwambiri. Kaboni akaoloka msoko kucokera ku citsulo wamba, kromiyamu amamgwira, ndipo awiriwo amapanga timibulu touma tophwanyika msanga. Popeza wogwidwayo sayendanso, kaboni wina amapitiriza kuoloka, mpaka kamzere ka citsulo cosacita dzimbiri koyandikana ndi msoko kamakhala ndi kaboni wocuruka kuposa kumene akucokera. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zoipa. Ku mbali ya citsulo wamba kumatsala kamzere kofooka, ndipo ku mbali inayo kumakhala kamzere kouma kothyoka msanga, kamene kromiyamu wake watanganidwa ndi kaboni naleka nchito yoletsa dzimbiri. Timibulu timeneti timapangika maka-maka citsulo cikakhalitsa pakati pa madigiri 450 ndi 850, cotero amisiri amayang'anira kaziziridwe ka cigoba monga momwe amayang'anira katenthedwe kake. Nthawi zambiri amaikanso kagawo kopyapyala ka nikelo pakati pa zitsulo ziwirizo. Nikelo amagwirana bwino ndi zonse ziwiri, koma sakoka kaboni, ndipo amakhala ngati mpanda wocedwetsa ulendo wake.

Popeza msoko uli m'kati, kodi munthu angadziwe bwanji kuti wagwira? Wosula ali ndi njira ziwiri. Cida cikamazizira amaciyang'anitsitsa, ndipo akaona banga limene lada msanga kuposa malo ena amadziwa kuti pamenepo pali mpata, cifukwa kutentha kwa m'kati kwalephera kuoloka. Cikazizira amacilendeweretsa nacigogoda. Cogwirana bwino cimalira ngati belu, cosagwirana cimalira mogontha ngati mbale yong'aluka. Ku fakitale amadula tizidutswa m'mbali mwa cigoba, tina natipinda kuti aone ngati tingasomphoke, tina natikankha ndi makina mpaka msoko uduke, nalemba mphamvu imene inafunika. Cigoba conse amaciyeza ndi mau okwera kwambiri amene khutu la munthu silingamve. Mauwo amalowa m'citsulo, ndipo pamene msoko wagwira amapyola mpaka kuseri, koma pamene pali mpata amabwerera msanga, monga liu lanu limabwerera mukafuula pafupi ndi phiri. Malo otere amawazunguliza ndi coko kuti akonzedwe kapena adulidwe, pakuti mpata wocepa m'thanki yotentha ungatukuke ngati thuza, nung'ambika, mankhwala nafika pa citsulo wamba.

Aphunzitsi, mukatha nchito ya dongo mupatse ana masamu awa. Cigoba ca citsulo wamba cocindikala mamilimita 180 calumikizidwa ndi ca citsulo cosacita dzimbiri ca mamilimita 20, ndipo zapyola m'magudumu mpaka zonse pamodzi zatsala mamilimita 20. Ngati zonse zaonda mofanana, ciliconse catsala cocindikala bwanji? Ngati pafupi ndi sukulu yanu pali wosula, mumpemphe kuti ana akamuone ali pa nchito. Aime patali ndi mbaliwali, asatole kanthu kalikonse pansi, pakuti citsulo cakuda cingakhale cikali cotentha kwambiri. Amfunse kumene amapeza zitsulo zake, ndiponso mtundu umene amadikira kuti citsulo cionetse asanacicotse pamoto. Mayankho ake alembedwe m'makope. Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse.